Phiri la dothi kuseri kwa kalasi

Pa mapu opachika kukhoma, chigwa cha Shire chimakhala chobiriwira, Mulanje wofiirira. Mwana akaona zimenezi amayesa ku Nsanje kuli nkhalango yowirira, chikhalirecho mtunduwo ukungonena kuti malowo ndi otsika. Aphunzitsi ena atopa nako kufotokoza ndi choko. Amatulutsa ana panja n'kuwapatsa dothi la pachulu ndi ndowa ya madzi.

Anawo amaumba Mulanje, Zomba ndi Nyika, amakumba dzenje lalitali kukhala nyanja ya Malawi, kenako ndi chala amalambula njira ya Shire kuchokera ku Mangochi, kudzera m'nyanja ya Malombe, mpaka ku Zambezi. Wina amatenga chitini chobooledwa kunsi n'kugwetsa mvula pamapiripo. Madzi amatsetsereka, amakokolola dothi, amakadikha kumunsi, ndipo mwana amadzionera yekha chifukwa chimene Chikwawa ndi Nsanje amasefukirira ngakhale mvula itagwera kumtunda. Amene anamva za matope omwe anatsika m'phiri la Soche pa namondwe Freddy mu 2023 safunikanso kumuuza kawiri. Ndalama sizilowapo; ndiyo TALULAR, njira yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, imene aphunzitsi amaiphunzira kukoleji.

Okayikira njirayi nawonso ali ndi mfundo. Dothi limanama, iwo amatero. Mutaumba Malawi wotalika mita imodzi, Sapitwa, nsonga ya Mulanje ya mamita 3,002, sangakwane ndi theka la sentimita lomwe, koma ana amamuumba ngati chibakera. Ine bodza limenelo silindidetsa nkhawa, pakuti phiri losaoneka silingaphunzitse munthu. Chachikulu n'choti mayeso a MANEB a Sitandade 8 amabwera papepala, ndipo mwana wodziwa kuumba akhoza kukakamira akapatsidwa mapu osindikiza. Choncho m'mawa mwake anawo aime pambali pa choumba chawo, achiyang'ane choweramira, achijambule m'kope, apake chobiriwira pomwe madzi anadikha ndi chofiirira pansonga. Osatero, dzulo lija anangosewera.

Vuto la kuchuluka kwa ana ndiye louma. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, kalasi la ana oposa 100 si lachilendo, ndipo mphunzitsi mmodzi sangayang'anire magulu khumi a matope n'kumalizanso silabasi. Wotereyu akaumbitsa kamodzi pa teremu, pamthunzi pomwe choumbacho chingakhale masabata angapo mvula isanachigumule, wachita zokwanira.