Mlimi wa ku Mutorashanga ndi maso a kumwamba

Amene ali m'chombo cha International Space Station, chomwe chimazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchoka pansi, akamadutsa pamwamba pa Zimbabwe amaona mzere wautali wa mapiri utadula dzikolo kuchokera kumpoto kutsikira kummwera. Mzerewo ndi Great Dyke, wotalika makilomita pafupifupi 550. Chakumpoto kwa mzerewu ndiko kuli Mutorashanga, komwe ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akukumbabe mwala wa chrome ndi kulima minda yozungulira migodi.

Ambiri mwa iwo amaona ngati za maulendo a kumlengalenga ndi nkhani za anthu okhuta. Komatu mbiri ya maulendowa ili ndi zambiri zokhudza khasu ndi nkhokwe.

Zonse zidayamba pa 4 October 1957, pomwe dziko la Soviet Union lidaponya Sputnik 1, setilaiti yoyamba, yolemera makilogalamu pafupifupi 84. Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin adakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi, ulendo womwe udatenga mphindi 108. M'chaka cha 1962 John Glenn wa ku America adachitanso chimodzimodzi atakwezedwa ndi roketi ya Atlas, yomwe thupi lake lidali lachitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chotere sichipangika popanda chrome, mtundu womwewo wa mwala umene amuna a ku Mutorashanga amatulutsa m'mgodi. Mu 1963 Valentina Tereshkova adakhala mayi woyamba kupita kumlengalenga, ndipo mu July 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin adaponda pamwezi.

Chidwi chimenechi chidafikanso kudera lino la Africa. Mu 1964, chaka chomwe Zambia idalandira ufulu, mphunzitsi wina, Edward Mukuka Nkoloso, adalengeza kuti akuphunzitsa achinyamata kuti adzapite kumwezi. Anthu adamuseka, ndalama sadazipeze, ndipo zidathera pomwepo. Mu April 2002 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adafika ku International Space Station pa chombo cha Soyuz, atadzilipirira yekha ulendowo.

Awa ndi maina otchuka. Koma kwa mlimi, maulendo amene apindula kwambiri ndi a makina opanda munthu mkati. Mu April 1960 America idaponya TIROS-1, yomwe idayamba kujambula mitambo kuchokera kumwamba. Mu 1972 idaponya Landsat yoyamba, yojambula nthaka, nkhalango ndi minda. Makina a mtundu umenewu amayeza kuwala kobwerera kuchokera ku masamba, motero akatswiri amadziwa madera omwe mbewu zikufota nthawi yokolola isanakwane. Ena amayeza kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, ndipo madziwo akatentha mopitirira muyeso, zomwe zimatchedwa El Niño, kummwera kwa Africa kawirikawiri kumagwa ng'amba. Ndi mmene zidakhalira m'nyengo ya 2023/24. Chenjezo lidaperekedwa miyezi ingapo mvula isanayambe, ndipo ng'ambayo itafika, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe adalengeza kuti agwa m'ngozi ya chilala. Namondwe Idai, amene adasakaza Chimanimani mu March 2019, ndi Freddy, amene adapha anthu mazanamazana kummwera kwa Malawi mu March 2023, onsewa adaonedwa ndi masetilaiti akali panyanja.

Zimbabwe nayo idalowa m'gululi. Mu 2018 boma lidakhazikitsa bungwe la ZINGSA loona za mlengalenga ndi mapu. Setilaiti yoyamba ya dzikoli, ZIMSAT-1, kabokosi ka masentimita 10 mbali iliyonse, idapangidwa ndi akatswiri a ku Zimbabwe pa Kyushu Institute of Technology ku Japan. Idanyamuka ku America mu November 2022 ndipo idatulutsidwa kuchokera mu International Space Station mu December chaka chomwecho. Yachiwiri, ZIMSAT-2, idaponyedwa kuchokera ku Vostochny ku Russia mu November 2024.

Ntchito ya bungweli yomwe ikukhudza munda mwachindunji ndi mapu a zigawo za ulimi. Kuyambira 1960 dzikoli lidagawidwa m'zigawo zisanu molingana ndi mvula ndi dothi, ndipo alangizi ankauza alimi zobzala potsata mapuwo. Koma mvula ya masiku ano si ya 1960. Mu 2020 mapuwo adakonzedwanso pogwiritsa ntchito kawundula wa mvula ndi zithunzi za masetilaiti. Zidapezeka kuti madera ouma akula, ndipo chigawo chachisanu chidagawidwa pawiri. Izi zikutanthauza kuti pali minda yomwe makolo ankakolola chimanga chokhwima mochedwa popanda nkhawa, koma lero ikufuna mbewu yocha msanga, mapira kapena mawere.

Apa ndipo pagona nkhani. Chithunzi chojambulidwa kumwamba sichidzaza nkhokwe ngati chathera mu ofesi ku Harare. Mayi wolima kachigawo ka munda pafupi ndi komboni ya mgodi amagula mbewu kamodzi pachaka, ndipo akalakwitsa kusankha ndiye kuti banja lonse ligona ndi njala mpaka chaka chamawa. Iye sawerenga malipoti a Chingerezi, ndipo nthawi zina sali pa mndandanda wa alimi amene alangizi amawayendera.

Choncho udindo uli pa alangizi a zaulimi, atsogoleri a makalabu, a mipingo ndi ogwira ntchito za chitukuko. Ulosi wa mvula ya chaka umatuluka mvula isanagwe, cha mu September. Nthawi imeneyo ndiyo yoitanitsa msonkhano, kufotokoza ulosiwo m'Chichewa ndi m'Chishona, ndi kufunsa mlangizi kuti dera lino lili m'chigawo chiti pa mapu atsopano aja. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mlimi afunse asanapite kusitolo ya mbewu, pakuti akafunsa mbewu ili kale m'nthaka, yankho silimuthandizanso.