Brufen si mafuta a miyendo

Mwakhala miyezi itatu osathamanga, lero mukuti Loweruka mukathamanga kukwera Mulanje kuchokera pa Likhubula ngati kale, ati thupi limakumbukira. Bodza limenelo abale. Mpweya umabwerera msanga, koma mitsempha ya m'mawondo ndi kuchidendene imachedwa kulimba, ndipo potsika phiri m'pamene imalira.

Ondikwiyitsa kwambiri ndi aja akukuuzani kuti mumwe Brufen kapena Diclofenac musananyamuke. Mankhwalawa amachepetsa magazi opita ku impso, inu thukuta lili kamukamu padzuwa. Mukufuna dialysis?

Yambani ndi theka la mtunda wanu wakale, pokwera muziyenda, palibe akusekeni. Mkodzo ukada ngati Coca-Cola mutathamanga, osadikira mawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.