Njinga Yakale Ikayamba Kudontha Oyilo

Alangizi ambiri a zaumoyo ndi a zaulimi, komanso alimi otengera zokolola kumsika, amadalira njinga zamoto zimene zadya zaka. Imodzi mwa njinga zotere ndi Honda CG125, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1975. Kampani ya Honda inaikonza itaona kuti m'maiko osauka eni njinga ambiri ankachedwa kusintha oyilo, choncho inapanga injini yopirira. Komabe injiniyi imangosunga oyilo pafupifupi lita imodzi. Dontho limodzi limaoneka laling'ono, koma oyilo akachepa zitsulo zimakhulana, injini imatentha ndipo imatha kugwirana pakati pa ulendo, katemera kapena mbewu zili pambuyo. Oyilo wofika pa tayala lam'mbuyo amathanso kugwetsa wokwera.

Kupeza pamene akutulukira

Denga la udzu likamadontha, madzi sagwera pansi penipeni pa bowo. Amayamba atsetsereka ndi phaso. Oyilo nayenso amatero: mphepo imamukankhira m'mbuyo, kenako amatsikira pansi pa injini. N'chifukwa chake anthu ambiri amagula gasiketi yatsopano, koma njinga n'kumadonthabe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini njinga ayambe watsuka injini yonse itazizira, pogwiritsa ntchito palafini ndi kabulashi, ndipo aipukute iume. Akatero awaze ufa woyera pang'ono m'malo onse olumikizana, alize injini kwa mphindi zingapo, n'kuyang'ana kuyambira pamwamba kutsika m'munsi. Malo okwera kwambiri amene ufa wanyowa ndiwo gwero la vuto. Nthawi zina amapeza kuti injini ilibe mlandu, koma ndi oyilo wopaka tcheni amene wachuluka.

Malo amene amavuta kawirikawiri

Asanamasule bawuti iliyonse, aone zinthu ziwiri zosafuna ndalama. Choyamba ndi kuchuluka kwa oyilo, pakuti wopitirira muyezo amadzifunira yekha njira. Pa njinga za Honda zotere, muyezo amauona njinga itaima chilili pamalo osalala, ndipo kandodo koyezera amangokalowetsa osakapota. Chachiwiri ndi kapaipi kopumira injini. Kakatsekeka ndi matope kapena kupindika, mpweya umapanikizika m'kati n'kukankha oyilo kudzera m'malabala ngakhale abwinobwino.

Ngati oyilo akuchokera pa bawuti yokhuthulira, vuto nthawi zambiri ndi washala wophwatalala kapena kalabala kozungulira komwe kauma. Izi n'zotchipa ndipo zimasinthidwa pa tsiku losintha oyilo. Ngati akuchokera pamutu pa injini, gasiketi ya chivundikiro ndiyo yatha. Ngati akuchokera kuseri kwa sipuloketi yakutsogolo, pa chitsulo cha magiya kapena pa chopondera poliza injini, labala lotchinga oyilo ladyeka. Tcheni chokungika kwambiri chimafulumiza kudyeka kwa labala la ku sipuloketi, choncho nachonso chikonzedwe. Labala latsopano alipake oyilo pang'ono, alilowetse mowongoka, ndipo mbali yokhala ndi kasipuling'i iyang'ane m'kati mwa injini.

Mphamvu si mankhwala

Chimene chimawononga njinga zakale zambiri ndi dzanja lolemera. Munthu akaona dontho amathamangira sipanala n'kumanga bawuti mpaka italira. Koma thupi la injini ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo mazinga ake akadyeka ntchito yaing'ono imasanduka yodula. Mabawuti a chivundikiro amangidwe pang'onopang'ono, mosinthanasinthana mbali, kuti chivundikiro chikhale mofanana.

Poika gasiketi yatsopano, zotsalira za yakale zipalidwe bwino ndi kapulasitiki kolimba, osati mpeni wokanda chitsulo. Phala lomatira la silikoni lisachuluke, chifukwa lotsala limagwera m'kati n'kutseka tinjira ta oyilo, ndipo injini imauma ngakhale kunja kukuoneka kwaukhondo. Oyilo akamachokera m'munsi mwa silinda kapena pakati pamene thupi la injini linalumikizana, ntchitoyo ndi ya makaniko wodziwa, pakuti imafuna kuphwasula injini.

Ntchito ikatha

Oyilo wakale asungidwe m'chigubu chotseka. Asathiridwe m'munda, pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje, ndipo asapakidwe pa zilonda za ziweto, chifukwa ali ndi poizoni. Njinga ikakonzedwa, mwini wake aziika katoni youma pansi pa injini usiku kwa sabata yathunthu, ndipo m'mawa uliwonse aziyeza oyilo asananyamuke. Ntchito imeneyi siitenga mphindi ziwiri, koma ndiyo imasiyanitsa mlangizi amene amafika kwa anthu omudikira ndi amene amabwerera akukankha njinga padzuwa.