Kusankha Nibu ndi Inki: Zolemba Zathu Zidzakhala Zaka Zingati?

Mwezi uno tikambirana za luso limene ambiri ankayesa kuti linapita ndi agogo athu, ndilo kulemba zilembo zokongola ndi cholembera choviika mu inki. M'maiko ambiri lusoli labweranso ngati ntchito yosangalatsa ya pa nthaŵi yopuma. Kwathu kuno ku Chitipa nakonso anyamata ndi atsikana ena aziona zilembo zotere pa lamya za m'manja, ndipo ayamba kufunsa kuti, "Kodi tigule nibu yotani, nanga inki yabwino ndi iti?" Yankho lathu n'lalifupi. Nibu isankhidwe molingana ndi zilembo zimene munthu afuna kulemba, ndipo inki isankhidwe molingana ndi zaka zimene afuna kuti zolembazo zikhale. Za mtengo wake ndi kukongola kwa botolo zibwere pambuyo.

Akuluakulu amene anaphunzira sukulu boma lino likutchedwabe Fort Hill akukumbukira madesiki okhala ndi chiboo ku ngodya, momwe munkakhala kabotolo ka inki. Mwana ankalemba ndi kamtengo kokhala ndi kachitsulo kumapeto, ndipo kachitsulo kameneko ndiko nibu. Manibu ambiri a masiku amenewo ankachokera ku Birmingham ku Mangalande, kumene amisiri monga John Mitchell ndi Joseph Gillott anayamba kuŵapanga ndi makina m'zaka za m'ma 1820. Pofika m'ma 1850 mzinda umodzi umenewu unkapanga manibu oposa theka la manibu onse a pa dziko lapansi. Bolopeni ndiyo inadzaŵalanda malo: László Bíró analembetsa yake mu 1938, ndipo ya Bic inatuluka mu 1950. Ife amene tinayamba sukulu m'zaka za m'ma 1970 tinapeza ziboo zija zili zopanda kanthu. Bolopeni ndi yabwino pa changu, koma mzere wake ndi umodzimodzi ponseponse. Nibu imapereka mzere wonenepa ndi mzere woonda m'chilembo chimodzi, ndipo kukongola kwa lusoli kwagona pamenepo.

Manibu alipo a mitundu iŵiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa msonga yotakata, yonga kukamwa kwa tchizulo ya mmisiri wa matabwa. Nibu yotere safuna kuikanikiza. Munthu amangoigwira mopendeka pang'ono, osasintha kapendekedweko, ndipo yokha imanenepetsa mzere wina ndi kuondetsa wina pamene dzanja likuzungulira. Edward Johnston, amene buku lake la mu 1906 linadzutsanso lusoli ku Mangalande, ankayambitsa ophunzira ake pa zilembo zozungulira, nibu itapendeka pa madigiri 30, ndipo msinkhu wa chilembo chaching'ono monga a kapena o unkakhala pafupifupi kanayi kutakata kwa nibuyo. Manibu odziŵika a mtundu umenewu ndi a William Mitchell, amene manambala ake amayambira pa 0, yotakata koposa, kufika pa 6, yaing'ono koposa. Palinso a Brause a ku Germany ndi a Speedball a ku America. Wophunzira ayambe ndi nibu yotakata mamilimita 2 kapena 3, chifukwa chilembo chachikulu sichibisa pokhota, choncho diso limaphunzira msanga. Wamanzere afunse nibu yodulidwa mopendekera kumanzere, pakuti ilipo.

Mtundu wachiŵiri ndi wa msonga yosongoka, yong'ambika pakati. Munthu akaikanikiza potsika, mano ake aŵiri amakanuka ndipo inki imatuluka yambiri. Pokwera amapepuza dzanja, ndipo nibu imasiya mzere woonda ngati tsitsi. Imeneyi ndiyo ya zilembo zopendekera ndi zolumikizana, zija timaziona pa masatifiketi akale. Apa m'pamene wachinyamata angataye ndalama mosavuta, ngati athamangira nibu yofeŵa kwambiri monga Gillott 303, imene imakola pepala pokwera n'kuwaza inki ngati dzanja silinazoloŵere. Oyamba kumene zimaŵayendera bwino ndi Nikko G kapena Zebra G a ku Japan, manibu amene anapangidwira ojambula zithunzi za m'mabuku a nthano. Ameneŵa ngolimbirapo, amapirira dzanja lolemera, ndipo sachita dzimbiri msanga. Manibu aŵiri kapena atatu ndi chogwirira chimodzi n'zokwanira poyambira.

Tikudziŵa kuti manibu sapezeka wamba m'magolosale athu. Kaŵirikaŵiri munthu ayenera kutuma wachibale wopita ku mizinda ikuluikulu, kapena kuitanitsa kudzera pa intaneti, ndipo zonsezi zimalira ndalama ndi nthaŵi. Koma zimenezi zisagwetse munthu mphwayi, pakuti nsungwi youma kapena bango zimalemba bwino lomwe. Dulani kachidutswa kotalika ngati pensulo, semani kumapeto kwake mopendeka ndi mpeni wakuthwa, dulani msonga mopingasa kuti itakate mamilimita 3 kapena 4, kenaka ng'ambani pang'ono pakati kuti inki iziyenda. Alembi a Chiarabu akhala akulemba ndi bango kwa zaka mazanamazana, ndipo mpaka lero akulemba nalo. Inu makolo, mwana amene walimbikira ndi nsungwi kwa miyezi itatu wasonyeza kuti nibu yachitsulo sadzaitaya pansi pa bedi. Nthaŵi yomugulira ndi imeneyo.

Nibu ikafika, pali chinthu chimodzi chimene chimakhumudwitsa ambiri. Nibu yatsopano imabwera itapakidwa mafuta osaoneka oiteteza ku dzimbiri, ndipo inki siimatirira pa mafutawo, imangodontha pa pepala. Munthu amayesa kuti amugulitsa nibu yoipa, chonsecho ingofuna kutsuka. Itsukeni ndi sopo kapena mankhwala otsukira mano, kapena ibayeni mu mbatata ya kachewere kwa mphindi zochepa. Poviika, inki ingophimba kaboo ka pakati pa nibu, isafike ku chogwirira. Mukatha kulemba itsukeni ndi madzi, ipukuteni ndi kansalu, ndipo muonetsetse kuti yauma. M'nyengo ya dzinja, makamaka ku mapiri a Misuku kumene chinyontho n'chambiri, nibu yosiyidwa yonyoŵa ingathe kuchita dzimbiri usiku umodzi wokha. Isungeni m'kabotolo kouma kotseka bwino.

Tsopano tibwere pa inki, ndipo apa tili ndi phunziro lochokera kwa Dr David Livingstone. M'chaka cha 1871, ali ku Nyangwe m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba ku Congo, mapepala ndi inki zinamuthera. Iye anang'amba nyuzipepala yakale ya ku London nalemba pamwamba pa zilembo zake, pogwiritsa ntchito inki yofiirira imene anaipanga ndi njere za chomera cha kumeneko. M'masamba amenewo ndimo analemba zimene anaona pa 15 July 1871, pamene amalonda a akapolo anapha anthu mazana angapo pa msika wa Nyangwe. Inki ija inazilala mpaka masambawo osaŵerengekanso. Panapita zaka 140, kufikira mu 2011, pamene mau ake oyambirira anaonekanso, akatswiri atajambula masambawo ndi makina a kuŵala kwa mitundumitundu. Livingstone analibe kuchitira mwina, koma ife tili nawo mwai wosankha.

Inki zimene munthu angagule zilipo za mitundu itatu. Yoyamba ndi ya fauteni peni, monga Parker Quink, ndipo ndiyo yosavuta kupeza. Imeneyi ndi utoto wosungunuka m'madzi. Ndi yabwino pophunzira, koma ndi yamadzimadzi, imathamanga pa nibu, imabalalika ikagwera dontho la madzi, ndipo dzuŵa limaizilalitsa. Kuti ilemererepo, thirani pang'ono m'kabotolo kena ndi kuonjezamo utomoni wotchedwa gum arabic, umene umachokera ku mitengo ya banja la mthethe yomera kwambiri ku Sudan.

Yachiŵiri ndi ya mwaye, monga Indian ink ndi sumi ya ku Japan. Mwaye suzilala ndi dzuŵa, choncho inki imeneyi imakhala yakuda bii kwa zaka zambirimbiri. Ina mwa iyo ili ndi utomoni wotchedwa shellac, umene ukauma suchoka ndi madzi, ndipo ndi yabwino polemba keyala pa envulopu m'nyengo ya mvula. Koma nibu itsukidwe inki isanaumirepo, ndipo inki yotere isathiridwe mu fauteni peni, chifukwa imatseka njira zake mpaka cholemberacho kuonongeka.

Yachitatu ndi ya chitsulo, imene pa botolo pake amalemba kuti iron gall. Imapangidwa ndi timibulu tomera pa mitengo ya oak, mchere wa chitsulo ndi utomoni. Potuluka pa nibu imaoneka yotuŵa, koma ikakumana ndi mpweya imada, n'kuloŵerera m'pepala kotero kuti madzi saichotsa. Kwa zaka zoposa 1,000 imeneyi ndiyo inali inki ya ku Ulaya, ndipo ku Mangalande mabuku a boma a obadwa, a maukwati ndi a omwalira ankalembedwa ndi inki ya mtundu umenewu. Imapereka mzere woonda bwino pa nibu yosongoka. Kuipa kwake n'kwakuti ili ndi asidi amene amadya chitsulo, choncho nibu imatha msanga ngati mwini wake ndi waulesi potsuka.

Amene alibe ndalama ya botolo angathe kupanga inki ya mwaye pakhomo pompano. Gwirani mbale yachitsulo pamwamba pa laŵi la koloboyi mpaka itada, palani mwayewo, ndipo usakanizeni pang'onopang'ono ndi utomoni wa mthethe wosungunulidwa m'madzi, mukutikita ndi supuni kufikira mibulu itatha. Ana achite zimenezi wamkulu ali pafupi, pakuti pali moto. Madzi a maluŵa ndi a zipatso amalemba mokongola ndipo ngabwino pa maseŵera, koma pa zinthu zofunika kusunga tikumbukire za ku Nyangwe.

Inki iliyonse, yogula kapena yopanga, iyesedwe isanakhulupiridwe. Lembani mau amodzimodzi pa timapepala titatu. Koyamba kaikeni m'buku, kachiŵiri kaikeni pa zenera poomba dzuŵa kwa mwezi umodzi, ndipo kachitatu kadonthezereni madzi katauma. Mukatiyerekeza mudzadziŵa nokha inki imene ili yokhalitsa. Yesaninso pepala, chifukwa mapepala a m'makope otchipa amamwa inki mpaka zilembo kumera ubweya m'mbali. Funani pepala losalala ndi lokhuthalirapo.

Nanga zonsezi n'zaphindu lanji m'banja? Boma lathu lili ndi zilankhulo zambiri, monga Chilambya, Chisukwa, Chindali ndi Chinyiha, ndipo maina a makolo athu akale, midzi imene anachokera ndi matanthauzo a maina awo kaŵirikaŵiri zili pakamwa pa agogo okha. Agogo akatisiya, zambiri zimapita nawo. Lamya ya m'manja imatayika ndiponso imafa, koma tsamba lolembedwa ndi inki yabwino lingathe kufika kwa zidzukulu za zidzukulu zathu. Tikupempha banja lililonse kuti lipeze buku limodzi la chikuto cholimba. Agogo atchule maina, makolo atsimikize masiku obadwa ndi a maukwati, ndipo wachinyamata alembe ndi inki ya mwaye kapena ya chitsulo, tsamba limodzi pa sabata, atayamba wayesera pa pepala lina. Asafulumire, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Potero mwana adzaphunzira kukhazika dzanja, adzakhala pansi ndi agogo ake, ndipo adzadziŵa kumene anachokera.

Mwezi wamaŵa tidzakambirana za kujambula mizere yotsogolera dzanja ndi kusiya mipata pakati pa zilembo. Pakali pano semani nsungwi zanu, ndipo yesani inki zanu pa zenera.