Mlendo wa kalumo kakuthwa: za mababu a xenon pa njinga zamoto

Amene anayendapo usiku pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, kapena pa Great East Road poyandikira Chipata, akuidziwa nyali imeneyi. Imatulukira patali ngati nyenyezi yabuluu, kenako n'kudzaza msewu wonse, ndipo ikadutsa dalaivala amatsala ndi mdima wa bii m'maso kwa kamphindi. Pa kamphindi kameneko galimoto silinaime. Likuthamangabe, ndipo m'mphepete mwa phula muli mayi wosenza mtolo wa nkhuni, mnyamata wokankha njinga ya matumba a makala, mwinanso ngolo yopanda n'kachonyezimira komwe. Nyaliyo ndi ya njinga yamoto ya kabaza, imene mwini wake anachotsamo babu lobwera nalo n'kuikamo la xenon.

Dzina lakuti xenon linachokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza mlendo kapena chinthu chachilendo. Ndi dzina la mpweya umene William Ramsay ndi Morris Travers anautulukira ku London m'chaka cha 1898. Makolo anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, poyamikira nzeru za wobwera. Kalumo ka mlendo uyu n'kakuthwadi, koma pa misewu ya Malawi, Zambia ndi chigawo cha Tete kakucheka maso a anthu osalakwa.

Wakabaza amene amagula babu limeneli si wopusa, ndipo mlandu wake uyenera kumveka. Kaya njingayo amaitcha mthuthuthu, kaya mota monga achitira a ku Angónia, nyali imene imabwera nayo kuchokera kufakitale nthawi zambiri imakhala yofooka. Misewu ilibe magetsi, maenje ali ponseponse, mbuzi ndi agalu zimadumpha mosapereka moni, ndipo achifwamba olanda njinga amabisala mumdima. Munthu amene chakudya cha ana ake chili pa mateyala awiri ali ndi chifukwa chokwanira chofunira kuona patali. Cholakwika n'chakuti chimene akugulitsidwacho sichimupatsa chimene akufuna.

Babu wamba la halogen lili ndi kawaya kopota kamene kamayaka magetsi akadutsamo. La xenon lilibe kawaya. Lili ndi nsonga ziwiri zoyang'anizana m'kabotolo kagalasi kodzaza mpweya wa xenon ndi michere ya zitsulo, ndipo kuwala kumachokera pa kachiphaliwali kolumpha pakati pa nsongazo. Kuti kayambike pamafunika mavoti oposa 20,000, amene amapangidwa ndi kabokosi kotchedwa ballast. Babu labwino la xenon la mawati 35 limatulutsa malumeni, ndiye kuti muyeso wa kuchuluka kwa kuwala, okwana pafupifupi 3,000, pamene la halogen la mtundu wa H4 limatulutsa pafupifupi 1,000 likakhala pa dimu. Pamenepa ogulitsa sanama.

Chimene satchula ndi mbale yonyezimira imene ili kuseri kwa babu. Mbale imeneyo si chokongoletsera. Anaiumba molingana ndi kawaya ka halogen: kutalika kwake, kukula kwake, ndi malo enieni pamene kamakhala. Ntchito yake ndi kutola kuwala ndi kukuponya pansi pamsewu, n'kudula mzere pamwamba kuti wobwera kutsogolo asathobwe m'maso. Kachiphaliwali ka xenon kali ndi maonekedwe ena: kamapindikira m'mwamba, kamawala kwambiri kunsonga kusiyana ndi pakati, ndipo kawirikawiri sikakhala pamalo enieni pamene panali kawaya. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena ziwiri n'kokwanira kusokoneza zonse. Mzere uja umasungunuka, ndipo kuwala kumamwazikira m'mitengo, pa madenga a nyumba ndi m'maso mwa aliyense.

Chodabwitsa n'chakuti wokwera yemweyo amanyengeka. Kutsogolo kwenikweni kwa teyala kumayera mbee, iye n'kumati tsopano zatheka. Koma diso likayang'ana malo owala kwambiri pafupi limazolowera kuwalako, ndipo za patali, kumene kuli dzenje ndi ng'ombe, limaziona movutikira kuposa kale. Kuwala ndi kuona ndi mawu awiri osiyana m'Chichewa, ndipo kusiyana kwake n'kumene wogulitsa amadyerapo.

Ena amati magalimoto apamwamba ali ndi xenon ndipo palibe amadandaula. N'zoona kuti kampani ya BMW inayamba kuika nyali zotere pa magalimoto ake a 7 Series mu 1991. Koma nyali yonseyo, mbale ndi galasi lomwe, inapangidwira babu limenelo. Ndiponso malamulo a bungwe la UNECE, amene mayiko a ku Ulaya amatsatira, amafuna kuti galimoto la nyali ya dimu yoposa malumeni 2,000 likhale ndi chotsukira galasi la nyali, ndipo nyali za xenon za kufakitale zimabwera ndi chipangizo choweramitsa nyali chokha galimoto likalemedwa kumbuyo. Tsopano aganizire munthu za njinga ya kabaza: kumbuyo kwakhala bambo wonenepa, mwana pakati, thumba la chimanga pa kaliyala. Kumbuyo kumatitimira, kutsogolo kumadzuka, ndipo nyali imene inali yomwazika kale imaloza pa nkhope ya wobwera.

Palinso chinyengo cha manambala. Pa mabokosi amalembapo 6000K, 8000K, ena 10000K, ndipo wogula amaganiza kuti nambala yaikulu ndiyo nyali yamphamvu. Chilembo cha K chikuimira Kelvin, muyeso wa mtundu wa kuwala, osati kuchuluka kwake. Nyali za xenon za kufakitale zimakhala pafupifupi pa 4300K. Nambala ikamakwera kuchoka pamenepo kuwala kumanka kukhala kwabuluu, ndipo kumene kumathandiza kuona kumachepa. Amene analipira zambiri kuti apeze 8000K wagula mtundu chabe. M'chifunga cha Chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje, kapena m'fumbi la mwezi wa Okutobala, kuwala komwazikira m'mwamba kumabwerera m'maso mwa mwini wake ngati khoma loyera. Ndipo ena mwa mababu olembedwa xenon pamsika ndi a halogen wamba opakidwa utoto wabuluu, utoto umene umangotchinga gawo la kuwala. Mawu amodzi akugulitsa zinthu ziwiri zosiyana.

Za magetsi a njingayo n'zachidule. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimayatsa nyali ndi magetsi ochokera mwachindunji ku injini, pamene ballast imafuna magetsi okhazikika a batire, ndipo poyatsa imakoka ochuluka. Makaniko amadula mawaya n'kulumikiza kubatire, kabatire kakang'onoko n'kumafooka. Babu la xenon limatenganso masekondi angapo kuti lifike pa kuwala kwake konse, ndipo ballast yotchipa ikafa nyali imangozima, pa liwiro lililonse limene njinga ilipo.

Mtsutso womaliza wa okonda xenon ndi wakuti bola madalaivala a magalimoto amawaona. Amaona kuwala, inde, koma njingayo saiona. Dalaivala wothobwa m'maso sadziwa ngati chikubweracho ndi njinga kapena lole ya diso limodzi, sadziwa kutalika kwake, ndipo mzere wa pakati pa msewu umamusowa. Anthu okalamba ndi amene ali ndi ng'ala amatenga nthawi yotalikirapo kuti maso awo abwerere mwakale. Minibasi ikasokonekera n'kulowa mbali ya njingayo, amene amathyoka miyendo ndi wakabaza ndi wokwera wake, amene nthawi zambiri alibe n'chipewa chomwe.

Mlandu waukulu uli pa ogulitsa amene amati babu lililonse lokwana pabowo ndi loyenera, ndi pa amakaniko amene amaika babu masana dzuwa likuswa mtengo, n'kulandira ndalama nyaliyo asanaione usiku. Apolisi apamsewu nawonso amafunsa mapepala ndi laisensi, koma kumene nyali ikuloza safunsa. Mababu a LED otchipa amene akulowa m'malo mwa xenon masiku ano akubweretsa vuto lomwelo akaikidwa m'mbale ya halogen.

Wofunadi xenon agule nyali yonse yopangidwira babulo, yokhala ndi galasi la projector lodula mzere, ndipo aiike moweramitsa bwino. Amene ndalama zake sizikwana ayambe ndi zotchipa: kutsuka kapena kusintha galasi lochita chikasu, kusintha mbale yosuluka, kukonza mawaya a dzimbiri amene amadya mphamvu isanafike pababu. Kenako usiku aimike njinga pamalo athyathyathya, mamita 10 kuchokera pakhoma, iye atakhalapo ndi mnzake kumbuyo, n'kuyatsa dimu. Mzere wa pamwamba wa kuwala uyenera kugwera pafupifupi masentimita 10 pansi pa msinkhu wa nyaliyo. Ngati pakhomapo palibe mzere uliwonse, koma chiwalitsiro chongomwazika mpaka kudenga, babu limenelo lichoke usiku womwewo.