Alendo a m'Chigwa cha Shire ndi Funso la Umboni wa Chuma

Pa chipata cha malire cha Marka, kumwera kwa boma la Nsanje, munthu wochokera kunja amene aloledwa kulowa m'dziko lino monga mlendo amamdindira chidindo m'pasipoti mwache chomlola kukhala masiku 30. Akafuna kupitirira apo, ayenera kupita ku ofesi ya Nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko masikuwo asanathe, nakapempha kuti amuonjezere, ndipo angathe kumuonjezera kufikira masiku onse pamodzi akwane 90. Kupyola pamenepo sayesedwanso mlendo wongocheza iai, koma afunika chilolezo cha mtundu wina. Ndipo ndi pamenepa pamene amfunsa funso limene lafooketsa anthu ambiri: kodi mudzadya chiani muno, ndipo muli ndi umboni wotani wakuti mungathe kudzisunga nokha?

Funsoli siliri latsopano. Lamulo la olowa ndi kutuluka la chaka cha 1964 limaika m'gulu la anthu oletsedwa kulowa munthu ali yense amene alibe chuma chokwanira kudzisamala yekha pamodzi ndi a pabanja pache, kotero kuti angadzasanduke mtolo wa Boma. Zilolezo zonse zimatsamira pa mfundo imeneyi. Wobwera kudzagwira ntchito amalandira chilolezo chimene m'maofesi amachitcha TEP, cha zaka 2, ndipo wochipempha ndiye wolemba ntchitoyo, amene ayenera kufotokoza chifukwa chache malowo sanapatsidwe kwa Mmalawi. Wobwera kudzachita malonda apempha chilolezo cha zaka 5, naonetsa kuti chuma choyambira malondawo wachokera nacho kunja. Wofuna kukhala miyezi 6 popanda kugwira ntchito, kapena wofuna kukhazikika kwa moyo wache wonse monga achitira ena a penshoni, aonetse kumene ndalama zache zidzachokera.

Kwa alendo ena a m'chigwa zimenezi siziri zobvuta konse. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, pamene kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo, akatswiri a makina ochokera kunja akhala akubwera ndi kupita. Ena anadza chifukwa cha ngalande yaikulu yothirira imene itunga madzi ku Kapichira, ena ali m'nkhalango ya Majete imene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2003, ndipo ena ndi ansembe, asisitere ndi madotolo a m'zipatala za mishoni za ku Muona ndi ku Nchalo. Onsewa ali ndi wowalemba ntchito, kalata ya malipiro ndi buku la ku banki. Lamulo linalembedwa poganizira anthu otere, ndipo liwakwana bwino ngati malaya osokedwa ndi telala.

MLENDO WA TSIDYA LA MTSINJE

Koma alendo otere ali owerengeka. Ochuluka amene ali nzika za dziko lina m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje sanabwere pa ndege, koma pa bwato kapena pa njinga. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu Juni 1891 linadula malire motsata mtsinje wa Ruo, kenaka Shire kuchokera pa Chiromo kutsikira kumunsi, ndi mapiri a kumadzulo. Chotero Nsanje inatsala ngati chala cholowa m'dziko la Mozambique. Malirewo anagawa Asena pakati, osafunsa kuti malume ali mbali iti ndi manda a makolo ali mbali iti. Kufikira lero anthu aoloka kukalira maliro, kukagula nsomba, kukalima dimba ndi kukafunsira mbeta.

Tsono taganizani za mai wobadwira ku Mutarara kapena ku Morrumbala, amene anakwatiwa kwa Tengani kapena kwa Ndamera, nabereka ana asanu. Pa lamulo, maiyo ndi mlendo kufikira atalandira chilolezo chokhalira kapena unzika. Banja lache silisauka kwenikweni: liri ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi, mbuzi, nkhokwe ya mapira, ndi munda wa thonje. Ali yense wodziwa mtengo wa ng'ombe pa msika wa Ngabu adziwa kuti banja lotere liposa kalaliki wina wa mu ofesi amene malipiro ache amatha mwezi usanafike pakati. Koma kalalikiyo ali ndi pepala loonetsa malipiro ache, pamene mwini ng'ombe alibe kanthu kolembedwa. Choyamba ayenera kupeza pasipoti ya dziko la kwao, imene mfumu ya m'mudzi singathe kumpatsa. Pambuyo pache akwere basi kunka ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera pa boma la Nsanje, nalipire ndalama za chilolezo. Ndipo amene anali nazo zikalata, ambiri zinapita ndi madzi osefukira a mu 2015, a mu 2019, ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Pano payenera kusiyanitsidwa mlendo ndi wothawa nkhondo, pakuti ambiri amasokoneza ziwirizi. Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo dziko lino linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje othawawo anachuluka kuposa eni mudzi. Misasa ya Mankhokwe, Tengani ndi Nyamithuthu ikumbukikabe. Mu Disembala 2024 anthu zikwi zingapo anaolokanso Shire pothawa chipolowe cha pambuyo pa chisankho. Anthu otere aweruzidwa ndi lamulo la othawa kwao la 1989, ndipo palibe awafunsa za chuma. Bvuto liri pa iwo amene anatsalira pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, pamene anzao anabwerera: sali othawa nkhondo tsopano, sali nzika, ndipo chilolezo alibe.

MAIKO ENA AMATANI?

Amene amati lamulo la Malawi liri lankhanza ayambe ayang'ana kunja. Ku South Africa, kumene anyamata ambiri a dziko lino amapita kukafuna ntchito atapatsidwa masiku 30 pa chipata, malamulo amene anayamba pa 26 Meyi 2014 anati wopyola masiku ache aletsedwe kubweranso chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, ndi zaka 5 ngati wapyola koposa apo. Ogwidwa amawasunga ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kuwabweza. Chaka chomwecho dzikolo linati wopuma pa ntchito wofuna kukhala kumeneko aonetse marandi 37,000 pa mwezi. Ku Mangalande, munthu wofuna kuitana mkazi kapena mwamuna wache wa kunja anayenera kuonetsa malipiro a mapaundi 18,600 pa chaka kuyambira mu 2012, ndipo mu Epulo 2024 anakweza kufika pa 29,000. Mu Ogasiti 2025 Boma la America linasankha Malawi ndi Zambia kukhala maiko oyamba amene anthu ache opempha chitupa chokachezera anauzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ponena kuti ambiri sabwerera masiku ao akatha. Mnyamata mmodzi wobisala ku maiko a eni atsekera njira mphunzitsi kapena namwino amene akanapita ndi kubwera mwaulemu.

Chotero Boma silichimwa pofunsa. M'zipatala za Boma za Chikwawa ndi Nsanje wodwala salipira, ndipo sukulu za pulaimale zakhala zaulere kuyambira mu 1994. Wosunga thumba la dziko ayenera kudziwa anthu amene akudya m'thumbamo. Chimene chifunika kuganiziridwa ndicho mtundu wa umboni. Munthu akaona kuti chimene afunsidwa sangachipeze ngakhale atagulitsa ng'ombe zache zonse, sabwerera kwao iai, amangokhala chete m'mudzi, nalembetsa ana ache pa dzina la mlamu. Pamenepo Boma litaya ndalama za chilolezo, litayanso chiwerengero choona cha anthu, chimene chifunika kwambiri pogawa chimanga chaka cha njala.

Njira ina inayesedwa kale, ndipo inayenda. Pa kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembedwa, Boma linalandira kalata ya nyakwawa ndi umboni wa anthu a m'mudzi kwa iwo amene analibe pepala lina. Ngati mau a mfumu anakwanira pa nkhani yaikulu ya unzika, nkobvuta kuona chifukwa chache sangakwanire pochitira umboni kuti banja lakuti liri ndi khola ndi munda. Mlangizi wa ziweto adziwa ng'ombe za m'dera lache, wogula thonje amapereka lisiti, ndipo ndalama zambiri za m'midzi ziyenda pa foni, pamene zisiya mbiri yolembedwa.

Kufikira zitasintha, lamulo liri monga liriri, ndipo aphunzitsi ndi antchito a Boma, amene anthu amawabweretsera makalata kuti awawerengere, angathandize pakuwauza chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa: kuonjezera masiku kumapemphedwa tsiku la pa chidindo lisanakwane, osati litapita, ndipo kukwatiwa ndi Mmalawi pakokha sikusandutsa munthu nzika popanda kulembera ku Nthambi. Za umboni wa khola ndi munda, imeneyo ndi nkhani ya aphungu a Chikwawa ndi Nsanje, pa tsiku limene Nyumba ya Malamulo idzaonanso lamulo la 1964.