Simenti si mankhwala a mpata uliwonse

Pali matenda amene agwira amisiri ambiri mu Lusaka muno: akangoona mpata, dzanja limathamangira ku simenti. Pakati pa felemu ya chitseko ndi khoma, simenti. Pamene thabwa la denga lakhala pa buloko, simenti. Ngakhale tinyumba ta mitengo ya bulugamu timene anthu a ndalama amamanga kuseri ku Kabulonga ndi ku Woodlands, pakati pa mtengo ndi mtengo amathirapo simenti n'kupaka vanishi pamwamba. Tsiku lolandira malipiro ntchito imawala. Mubwerenso Okutobala wotsatira, mudzapeza mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Si ufiti, ndipo simentiyo ilibe mlandu. Mtengo, ngakhale wodulidwa kalekale, suleka kumwa ndi kulavula chinyezi. Mvula ya mu Lusaka, pafupifupi mamilimita 800 pachaka, imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo nthawi imeneyo thabwa limafufuma. Kuyambira Meyi limauma n'kubwerera, makamaka m'mimba mwake, osati m'litali. Simenti ikauma yauma, sitsatira thabwa kumene likupita. Ndiye imalekana nalo, madzi amalowa m'kampata kotsalako n'kukhala momwemo, thabwa limayamba kuola, chiswe n'kupeza njira. Ngati thabwalo linali laliwisi polikhoma, mpata umakula kuposa apo. Mukapita ku Buseko kukagula paini, munyamule kaye: lolemera ndi lozizira m'manja likadali ndi madzi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nzeru imeneyi tinali nayo. Tsiku lililonse mabasi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amatsitsa pa Intercity anthu amene anakulira m'nyumba zomata. Amadziwa kuzika nsichi ndi kumanga ndi luzi, amadziwa dothi la pachulu, amadziwa kuti pomata koyamba khoma limang'ambika, ndiye umadikira liume n'kumatanso. Amadziwa kuti mvula isanayambe amayi amazungulira nyumba kutseka pamene pang'aluka, ndiponso kuti denga liyenera kutuluka kunja kuti khoma lisamenyedwe ndi madzi. Koma munthu akangotuluka pageti kulowa mu Dedan Kimathi Road, zonsezi zimasanduka za kumudzi, zochititsa manyazi. M'tauni timafuna chinthu chochita kamodzi basi, tiiwale. Chinthu chotero kulibe. Yang'anani basi imene mwatsikayo: galasi lake lakhala pa labala kapena pa guluu wofewa, chifukwa amene anaipanga amadziwa kuti pamsewu wa Great East idzagwedezeka.

Ndipo musaganize kuti kumata ndi umphawi wa ife tokha. Ku Finland, ku Norway ndi ku Russia, kumene amamanga nyumba pogoneka mitengo yathunthu wina pamwamba pa unzake, kwa zaka mazanamazana ankatseka mipata ndi ndere, ndipo pamwamba pa chitseko ndi zenera amasiya dala mpata kuti khoma likamatsika pouma lisaphwanye felemu. Ku America ankamata ndi dothi, laimu ndi timiyala. Iwonso anayesa simenti, inawang'ambikira ngati ife, mpaka m'zaka za m'ma 1980 pamene anayamba kugwiritsa ntchito zomatira zotanuka ngati labala. Anabwerera ku mfundo ya agogo athu, anangosintha dothi lake.

Wina adzati, kodi mukufuna timate dothi m'mafulati a ku Kabwata? Iyayi. Ndikunena kuti pamene thabwa lakumana ndi buloko, kapena mtengo ndi mtengo, pafunika chinthu chofewa. Zili m'mashopu a hardware, ngakhale ku Kamwala, pafupi pomwe ndi Intercity. Mpata umatsukidwa, uume, fumbi lichoke. Ukakhala wakuya, mumayamba mwalowetsa kachingwe ka siponji, kuti chomatira chigwire mbali ziwiri zokha ndi kutha kutanuka; mukadzaza dzenje lonse chimang'ambika. Kunja ikani polyurethane. Mkati, pamene mudzapaka penti, acrylic. Silicone ndi wa kubafa ndi pagalasi, penti sagwirapo. Nthawi yake ndi Seputembala kapena Okutobala, mipata ili yotseguka ndi youma, osati mu Januwale madzi akuchucha kale.

Za mtengo wake ndazimva. Inde, chubu ndi chodula kuposa fosholo imodzi ya simenti yotsala. Koma werengani felemu ya mukwa yoola kumunsi, pulasitala wofufuma, ndi mmisiri woitanidwa chaka ndi chaka kudzathira simenti pamalo omwewo.

A landilodi, mawu otsala ndi anu. Ambiri a inu mumadziwa bwino pamene nyumba ikulowa mphepo. Wa renti akatuluka, mumagula ndowa ya penti, mng'alu mumaubisa, wina n'kulowa atalipira miyezi itatu. Ndiye Juni akafika, ku Chelstone munthu amene amalipira mwezi uliwonse osaphonya ali kalikiliki kusokotera nyuzipepala ndi mapulasitiki m'mbali mwa zenera kuti khanda lisagone pamphepo. Nthawi ya mvula pamalo omwewo pamalowa udzudzu ndi mphemvu. Akadandaula mumati nyumba zonse zimang'aluka. Zoona, zimang'aluka. Ndiye n'chifukwa chake kutseka ndi ntchito ya chaka chilichonse, ndipo ndi ya mwini nyumba.

Inu ofuna nyumba, musamayang'ane penti. Pitani masana, tsekani chitseko ndi makatani, muzimitse magetsi, muyendetse maso m'mbali mwa mafelemu ndi pamene khoma lakumana ndi denga. Paliponse pamene pakulowa kuwala, muwaonetse a landilodi ndi chala, ndipo zoti adzatseka zilembedwe papepala musanatulutse dipoziti.